Ababa akudwala mapapo, tsopano ayamba kuiwalaiwala. Kodi n'zogwirizana?

NaMbewe_wa_ku25 analemba:

Moni nonse. Ndakhala nthawi yaitali ndikungowerenga za anzanga muno, lero ndabwera ndi yanga. Mundipirire, ndi yaitali.

Ababa anga ali ndi zaka 72 ndipo amakhala kumudzi ku Dedza, cha ku Bembeke. Anapita ku Joni pa Theba, bungwe lija lolemba anthu ntchito za m'migodi, mu 1978, njira itangotsegulidwanso, paja Kamuzu anaitseka ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974. Anagwira ntchito pansi, m'migodi ya golide ya ku Welkom, mpaka 1987. Eni ake amati anabwerako ndi zinthu zinayi: njinga, wailesi, makina osokera a amayi, ndi chifuwa. Zitatu zoyambazo zinatha kalekale.

Mu 2009 anawapeza ndi TB, anamwa mankhwala mpaka kumaliza, koma kubanika sikunachoke. Chingambwe anasiya mu 2015 atakomoka kudimba. Chaka chatha anayezetsa makhololo kawiri, TB mulibe. Adokotala ataona chithunzi cha pachifuwa anati mapapo anawonongeka ndi fumbi, zipsera za TB ndi fodya, ndipo m'buku la kuchipatala analembamo COPD, matenda okhalitsa otsekereza mpweya m'mapapo. Anawapatsa mankhwala opopera m'kamwa awiri, kabuluu ndi kabulauni. Kuchoka pakhonde kukafika kuchimbudzi amaima kawiri panjira kuti apume. Zimenezo tinazolowera.

Chimene sitinazolowere ndi cha m'mutu. Ababa anali msungichuma wa patchalitchi pathu zaka zoposa 20. Chopereka ankawerenga kamodzi basi, akulu a mpingo akabwereza ankapeza zomwezo. Mu Meyi anagulitsa matumba 6 a mbatatesi pa K70,000 limodzi, ine ndili pompo. Anayala ndalama pamphasa n'kuwerenga katatu, katatu konseko n'kupeza zosiyana. Kenako anangozikankhira kwa ine, amvekere, "Tawerenga ndiwe, maso anga lero achita chidima." Magalasi anali pamphuno. Ndinaona manyazi pankhope pawo, ndipo ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Akayamba nkhani amaisiya panjira, n'kufunsa kuti timati chiyani paja. Funso limodzi amalibwereza kangapo. M'mawa ndiye zimanyanya: amadzuka mutu ukuwawa, amawodzera ali ndi kapu ya tiyi m'manja, mpaka dzuwa likwere ndiye amakhala ngati abwerera. Madzulo mutha kucheza nawo za ndale osadziwa kuti pali vuto. Mankhwala opoperawo, kabuluu kamatha pa masabata awiri, kabulauni ndinakapeza m'thumba la jekete kadakali kodzaza. Ndinawaonanso akupopera kaye, kenako n'kuika kukamwa mankhwala atauluka kale.

Sabata yatha ndiye kunachitika choopsa. Cha m'ma 2 koloko usiku anadzuka, kuvala majombo, kutenga tochi n'kutuluka, akuti kheji (chikepe chotsikira mumgodi) ikuwasiya, shifiti yayamba. Ankalankhula Chifanakalo, chilankhulo cha m'migodi, chimene ndinachimva komaliza ndili mwana. Amayi anakawapeza kumsewu ali wefuwefu, thupi lonse lili zii. Kutacha sanakumbukire kanthu. Vuto lina n'lakuti anthu awiri anawaona, ndipo mukudziwa zimene kumudzi amanena akaona nkhalamba ikuyenda usiku.

Ndiye ndifunse: kodi chifuwa chingasokoneze mutu, kapena ndi ukalamba chabe umene wangokumana ndi matenda? Tsiku lawo la kuchipatala ndi mwezi wamawa. Tikanene chiyani kuti asangotipatsa kabuluu kena n'kutibweza?

Chimutu77 anayankha:

Pepani achemwali. Koma zaka 72 si zochepa ayi. Agogo anga ku Ntcheu analibe chifuwa n'komwe koma ankatiitana mayina a anthu amene anamwalira ife tisanabadwe. Ukalamba ndi umenewo, munthu amabwerera kuumwana. Mapapo ali pachifuwa, ubongo uli kumutu, ine sindikuona pamene zikukumanira. Asamalireni, muziwapempherera, ndipo usiku muzikhoma chitseko.

Kiliniko_Ofesa_MJ anayankha:

A NaMbewe, ine ndimagwira ntchito kuwodi ya abambo pachipatala china cha boma, ndipo akuluakulu a ku Theba ngati ababa anu ndimakumana nawo kawirikawiri. Sindingawayeze pafoni, koma ndiyambe ndi chachangu: musadikire mwezi wamawa. Apiteni nawo mawa. Munthu wodwala mapapo akabalalika mwadzidzidzi chonchi, usiku umodzi, timayamba taganiza kuti m'thupi mwalowa china: chibayo, malungo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wotsika kapena wokwera, kapena mpweya wachepa m'magazi. Okalamba ambiri satentha thupi ngakhale chibayo chili mkati, chizindikiro choyamba chimakhala kusokonekerako. Akamavuta kudzutsa, kapena lilime ndi milomo zikachita bii, ndiye n'zausiku womwewo, osadikira kuche.

A Chimutu, pamene zikukumanira palipo, ndipo ndi m'magazi. Ubongo sukwana n'komwe makilogalamu awiri, koma umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a okosijeni yense amene thupi limagwiritsa ntchito, ndipo ulibe nkhokwe yosungira wa mawa. Mapapo ali ndi ntchito ziwiri, kulowetsa okosijeni ndi kutulutsa mpweya woipa uja timati carbon dioxide. Akawonongeka, zonse ziwiri zimatsimphina. Tonsefe tikagona timapuma mosazama, koma amene mapapo ake ndi abwino sazimva. Kwa ababa anu, usiku okosijeni akhoza kumatsika, woipawo n'kumaunjikana. Mpweya woipa ukachuluka umabweretsa mutu wa m'mawa, kuwodzera ndi kubalalika. Mwalemba kuti amabwerera dzuwa likakwera. Nditawerenga pamenepo ndinagwedeza mutu, chifukwa ukalamba wokha suyendera wotchi choncho.

Kuiwala kwa anthu a mapapo kulinso ndi kachitidwe kake. Nthawi zambiri sayamba ndi kuiwala mayina a ana awo. Chimayamba kuvuta ndi kuika maganizo pachinthu chimodzi, kuchita zinthu motsatana, kuwerengera, ndipo kuganiza kumachedwa. Kuwerenga K420,000 pamphasa kumafuna kuti usunge nambala m'mutu uku manja akugwira ntchito. Kupopera mankhwala nako n'chimodzimodzi: khutchumula, tulutsa mpweya, ika kukamwa, kanikiza ukukoka, gwira mpweya. Ndiye mutu ukafooka mankhwala salowa, mankhwala akapanda kulowa chifuwa chimakula, chifuwa chikakula mutu umafookeratu. Komanso fodya wa zaka zambiri ndi BP zimawononga timitsempha ting'onoting'ono ta muubongo, choncho mwa munthu mmodzi mukhoza kukhala zifukwa ziwiri kapena zitatu, ukalamba wa a Chimutu uli momwemo.

Ndikufunseni ziwiri, mukafunse amayi. Ku Bembeke mu Juni ndi Julayi kumazizira zedi. Kodi mbaula imalowa kuchipinda usiku? Makala akamanyeka m'nyumba yotseka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Umapweteketsa mutu, umabalalitsa, umapha, ndipo kamakina koyezera okosijeni pachala sikauona. Chachiwiri, amamwa chiyani kuti agone? Piriton amasokoneza okalamba. Mowa, diazepam ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine zimafooketsa kapumidwe. Prednisolone naye ena amawasowetsa tulo n'kuwabalalitsa. Sonkhanitsani chilichonse chimene amamwa, cha kuchipatala, cha pagolosale, cha azitsamba, muike m'jumbo mupite nacho.

Mukafika musayambe ndi chifuwa, chifuwacho achimva okha. Yambani ndi mawu akuti "anasokonezeka usiku, ndipo miyezi ingapo akhala akuiwala." Pemphani awayeze okosijeni pachala atakhala, ndiponso atayenda pang'ono. Awayeze malungo, shuga, BP ndi kuchuluka kwa magazi. HIV ndi chindoko nazo ayeze, musachite manyazi poti ndi ababa, zonse ziwiri zimatha kugwira ubongo ndipo zili ndi mankhwala. Makhololo abwereze, chifukwa fumbi la m'migodi limasiya munthu pachiopsezo cha TB moyo wake wonse. Makutu nawo: ambiri amene anagwira pafupi ndi makina obowolera miyala samva bwino, ndipo wosamva amaoneka ngati woiwala. Muonenso ngati sakukhumudwa mumtima. Munthu amene ankasunga chuma cha mpingo, lero akulephera kufika kuchimbudzi osapuma, akhoza kungodzitaya, ndipo kukhumudwa nako kumaiwalitsa.

Za okosijeni ndinene mosabisa. Pakamakina ka pachala, munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Wa COPD tikamamupatsa okosijeni timafuna akhale pakati pa 88 ndi 92, osati 99, chifukwa wochuluka kwambiri amatha kuunjikitsa mpweya woipa uja. Choncho achibale asamakweze okha kampope kuwodi poganiza kuti akuthandiza. Okosijeni wa kunyumba amathandiza okhawo amene okosijeni wawo amakhala wotsika nthawi zonse, ndipo kafukufuku wa ku America ndi ku Britain wa 1980 ndi 1981 anaonetsa kuti amafunika maola osachepera 15 patsiku. Kumudzi kopanda magetsi zimenezo n'zovuta, nonse mukudziwa. Ndiye tiyambe ndi zimene zili m'manja mwathu. Kusokonezeka kwa usiku kuja kawirikawiri kumatha tikapeza chimene chinayambitsa. Kuchedwa kwa maganizo kwa miyezi yambiri kumatha kuchepa, koma sindingakulonjezeni msungichuma wa kale.

Ndipo si ababa anu okha. Ku Blantyre ofufuza anatsata anthu pafupifupi 400 amene anamaliza mankhwala a TB, n'kupeza kuti mmodzi mwa atatu alionse mapapo ake sankapuma bwino powayeza. Timawauza kuti achira, amapita kwawo, ndipo za m'mutu palibe amawafunsa. Ifenso kuchipatala mzere ukatalika timamvera pachifuwa basi.

Anti_a_ku_Leeds anayankha:

Mwanawe, ine ndimasamalira okalamba kuno ku Leeds, chaka chino n'cha 14, ndipo a COPD ndi ambiri, ena anali a m'migodi ya malasha. Adokotala anena zakuya, ine ndinena za m'nyumba.

Mankhwala achoke m'thumba la jekete, apite m'manja mwa amayi ako. Si kuwalanda ulemu ababa ayi. Kabulauni ndi ka tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, kaya akubanika kaya ayi, ndipo akamaliza azichukucha m'kamwa. Sikamveka kugwira ntchito nthawi yomweyo, n'chifukwa chake anthu amakataya n'kukakamira kabuluu kamene kamatsegula chifuwa pompopompo. Kabuluu kakamatha pa masabata awiri ndiye kuti chifuwa sichikugonja, kapena mankhwala akuthera mumphepo. Nakonso kakachuluka kamanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima. Muzilumikiza mankhwala ndi chinthu chimene saiwala: asanamwe tiyi, kabulauni; asanadye nsima ya madzulo, kabulauni.

Za kupopera mankhwala atauluka kale, pali kachida kotchedwa spacer. Ngati kuchipatala kulibe, botolo la pulasitiki la 500ml limagwira ntchito. Umaboola kumatako kwake mpata wokwana kukamwa kwa kopopera, kulowetsa mothina, iwo n'kuluma kukamwa kwa botolo. Amayi akhutchumule, akanikize kamodzi, ababa apume mwachizolowezi kanayi kapena kasanu, ndiye abwereze. Madokotala a ana ku Cape Town anayesa zimenezi m'zaka za m'ma 1990 ndipo botolo linkagwira mofanana ndi logula. Ubwino wake, safunikanso kukumbukira kuti choyamba n'chiti. Upemphe anesi akuonetse kamodzi.

Ukagula kamakina ka pachala, usakakhulupirire ngati Baibulo. Ku Michigan mu 2020 anapeza kuti pa anthu akhungu lakuda ngati ife kamatha kuonetsa nambala yabwino okosijeni ali wotsika, pafupifupi katatu kuposa pa azungu. Chala chikazizira kamanamanso. Uziyang'ana munthu kaye, nambala pambuyo.

Akasokonezeka usatsutsane nawo. Akati kheji ikuwasiya, usanene kuti "ababa, ku Joni munachokako 1987." Uziti, "Khalani kaye mupume, lero shifiti ndi ya masana," uyatse nyali, uwagwire dzanja. Kukhoma chitseko ndi loko ine sindikugwirizana nako, moto utabuka mutani? Mangani chitini chokhala ndi timiyala pachitseko kuti amayi azimva chikatseguka. Ndipo asamangokhala pampando poopa befu. Kuyenda pang'ono tsiku lililonse, kukoka mpweya ndi mphuno n'kutulutsa pang'onopang'ono milomo itasongoka ngati akuuzira phala lotentha, kuno amachita kuphunzitsa zimenezi m'makalasi. Ndalama musawalande zonse. Apatseni zochepa aziwerenga, zambiri muziwerengera limodzi.

Mwana_wa_Mchona anayankha:

Alongo, nkhani yanu yandikumbutsa malemu bambo anga, iwo anali ku Carletonville. Ife tinachedwa, inu musachedwe. Pamene mutu wawo uli bwino, madzulo aja mukunenawa, khalani nawo pansi ndi foni mujambule mawu. Afunseni mayina a migodi yonse, zaka zake, ntchito imene ankagwira pansipo, ndi nambala yawo ya ku Theba. Fufuzani m'sutikesi, mapepala alionse a ku Joni, ngakhale odyedwa ndi njenjete, muwajambule. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni pakati pa makampani 6 a migodi ya golide ndi anthu amene anadwala silicosis (matenda a mapapo obwera ndi fumbi la m'migodi) ndi TB, ndipo ndalamazo zimayendetsedwa ndi Tshiamiso Trust. Umakhudza amene anagwira m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019, a mayiko ena ali momwemo. Kulembetsa n'kwaulere, ndiye wina akabwera pakhomo kuti mum'patse ndalama akuthamangitsireni mafomu, m'bwezeni. Komanso mukapita kuchipatala munene momveka kuti anagwira pansi zaka 9, adokotala aone ngati pachithunzi pali silicosis ndipo alembe m'buku. Bambo anga tinayamba kuwafunsa atayamba kale kusakaniza Carletonville ndi Salisbury, ndipo mapepala anali atakolezera moto.

Za anthu awiri aja anawaona usiku musazitenge mopepuka. Mphekesera za ufiti zimakula msanga kuposa bonongwe, ndipo agogo ambiri m'dziko muno apwetekedwa chifukwa cha matenda a m'mutu chabe. Musadikire maliro agwe pamudzi. Pitani kwa amfumu inuyo ndi amalume anu, buku la kuchipatala lili m'manja, mukafotokoze kuti akudwala ndipo akawaona usiku awaperekeze kunyumba. Akulu a mpingo nawo adziwe, anthu amene anawasungira chopereka zaka 20 ndi amene angawaikire kumbuyo. Lamulo la ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amfumu amalidziwa, kungowakumbutsa mwaulemu.

Chimutu77 anayankha:

Adokotala, ndagonja. Za mbaulazi ndiimbire amayi anga lero lomwe, nawonso amagona nayo.

NaMbewe_wa_ku25 anayankha:

Ndabweranso patatha masabata atatu, zikomo nonse. Nditawerenga yankho la adokotala ndinakwera minibasi m'mawa mwake.

Mbaula inkalowadi kuchipinda. Amayi ankaiika pafupi ndi bedi n'kutseka mpata wa pansi pachitseko ndi chiguduli, ati mphepo ndi imene imawakhosomoletsa. Nditawafotokozera anakhala chete, kenako anati nawonso mutu umawawawa m'mawa koma ankati ndi BP. Piriton ankamwa awiri usiku uliwonse kuyambira Epulo, wogula pagolosale, poti chifuwa chinkawasowetsa tulo. Jumbo imene ndinapita nayo kuchipatala inali yodzaza, anesi anachita kuseka.

Kamakina ka pachala kanaonetsa 84. Anawapeza ndi chibayo mbali ya kumanja, thupi losatentha n'komwe, ndipo anagonekedwa masiku 5. Usiku woyamba kuwodi anafunanso majombo, wachiwiri anagona. Potuluka anali pa 90, akayenda amatsika pang'ono. Makhololo alibe TB, magazi enawo ali bwino, koma khutu la kumanzere silimva pafupifupi n'komwe, ndipo ndi mbali imene amayi amakhala akamadya. Tsopano asinthana malo pamphasa. Adokotala alemba m'buku kuti akuganizira silicosis ndipo atitumiza kukajambulitsanso.

Botolo likugwira ntchito, ababa amalitcha lipenga. Mbaula imathera pakhonde, ndawagulira bulangete lachiwiri ndi chipewa. Mutu wa m'mawa wachepa ngakhale sunatheretu, ndipo kutuluka usiku sikunachitikenso. Kwa amfumu tinapita ndi amalume, anatilandira bwino, ndipo abusa analengeza kuti mpingo uziwayendera.

Kuiwala kukadalipo, ndisanamize. Dzulo anandifunsa katatu ngati ndikubwerera lero ku Lilongwe. Koma nditawafunsa nambala ya ku Theba anaitchula osaphethira, n'kuwonjeza dzina la kapitawo wawo ndi mmene ankatukwanira. Tajambula maola awiri.

Lamulungu ndinawapatsa K50,000 ya ma K5,000, monga ananenera anti a ku Leeds. Ananyowetsa chala, n'kuwerenga pang'onopang'ono, kuima pa 6 kuti apume, n'kupitiriza mpaka 10. Anabwereza, n'kupezanso 10. Anazipinda n'kuika m'thumba la jekete, muja munkakhala kabulauni, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti nanga K370,000 yotsala ya mbatatesi ili kuti.